Charger yakale kapena Hellcat yatsopano? Zimene anatiuza a makaniko Loweruka

Mwezi uno tinaitana mmodzi mwa alangizi a kalabu yathu, amene wakhala akukonza galimoto kwa zaka zambiri, kuti adzaweruze mkangano umene unabuka pakati pa mamembala. Kwa inu amene simunabwere, talemba monga momwe anayankhulira. Tangochotsamo kuseka ndi kuwomba m'manja.

Zikomo a wapampando, zikomo a komiti, ndi inu nonse anyamata ndi atsikana. Amene mwaima kumbuyoko sunthirani kuno, mawu anga si a wailesi.

Andiuza kuti kalabu yagawanika pawiri. Gulu lina likuti galimoto yeniyeni ndi Dodge Charger yakuda ya 1970 ija, imene Vin Diesel amayendetsa mu kanema wa The Fast and the Furious. Gulu lina likuti imeneyo ndi ya agogo, galimoto ndi Dodge Challenger Hellcat yamakono. Akutinso ena mwa inu mwasiya kupatsana moni. Chonsecho galimoto ziwiri zonsezi simudzaziona zitaima pa siteji ya Njuli kapena pa Mbulumbuzi, ngakhale mutadikira mpaka Khirisimasi.

Komatu sindikuti mukutaya nthawi ayi. Mkangano wanuwu ndi womwewo umene uli m'magalaja a ku Limbe ndi ku Ndirande, kungoti kumeneko mayina ake ndi Peugeot ndi Sienta. Ndipo ena mwa inu amene mukufuna ntchito ya umakaniko, mbali imene musankhe pa mkangano umenewu ndi imene idzanene ngati mudzadya nsima ya ndiwo kapena yosinira pa bondo. Ndiye tiyeni tiuone bwinobwino.

Tiyambe ndi dzina. Ku America amati muscle car. Ife tingoti galimoto yadzitho. Munamuonapo wadzitho wa pa geti ya dansi, eti? Chifuwa chatsogola, khosi kulibe, koma miyendo ngati ya nkhuku. Galimoto zakalezo zinali choncho ndithu. Mphamvu zonse zinali kutsogolo, mu injini. Zotsalazo, mabuleki, matayala, masipuling'i, zinali za galimoto wamba yopitira kumsika.

Nzeru yake inali yosavuta. Tenga galimoto ya saizi yapakati, ya zitseko ziwiri, yosadula, uikemo injini ya chigalimoto chachikulu. Ambiri amati yoyamba inali Pontiac GTO ya 1964, imene anaikonza John DeLorean ndi anzake ku kampani ya General Motors. Injini yake inali V8 ya malita 6.4. V8 ndiye kuti masilinda 8, anayi mbali iyi, anayi mbali inayo, atakhala ngati chilembo V. Malitawo si a petulo wa mu thanki ayi, ndi kukula kwa malo amene mapisitoni onse amayendamo. Tinene kuti ndi kukula kwa mapapo a injini. Passo imene mumaiona pamsewupa ili ndi lita imodzi, masilinda atatu. Sienta ili ndi 1.5. Injini ya Dodge yotchedwa 426 Hemi inali ndi malita 7. Ma Passo 7 pansi pa boneti imodzi!

Chaka chomwecho, pa 17 Epulo 1964, kampani ya Ford inatulutsa Mustang pa mtengo woyambira madola 2,368. M'chaka choyamba chokha anagulitsa zoposa 400,000. A Chevrolet ataona choncho anayankha ndi Camaro mu 1966, a Dodge anabwera ndi Charger, kenako Challenger. Pofika 1970 inali nkhondo. Chevrolet Chevelle ya chaka chimenecho inali ndi injini ya malita 7.4, ndipo ankati mphamvu zake ndi 450 horsepower. Mawu amenewa akutanthauza mphamvu za akavalo, ndiye kuyambira pano ndizingoti akavalo.

Ogula anali ndani? Achinyamata a msinkhu wanu womwewu, ana obadwa nkhondo yachiwiri itangotha, amene anali atangoyamba ntchito m'mafakitale. Petulo anali wotchipa, misewu yotakata ndi yowongoka. Mpikisano wawo unali wa mtunda waufupi, kota ya mailo, mamita 402. Ndi ngati mabwalo a mpira anayi mutawalumikiza m'litali. Ziwiri zimaima pamzere, kuponda moto, amene wayamba kufika wawina. Kukhota kunalibe, n'chifukwa chake za miyendo sankazilabadira.

Koma nyengo imeneyi sinathe ngakhale zaka khumi. Makampani a inshuwalansi ataona mmene anyamatawa ankachitira ngozi, anakweza mitengo. Mu 1970 boma la America linakhwimitsa lamulo la utsi, ndipo anayamba kuchotsa mtovu mu petulo, pomwe injini zamphamvuzo zinkadalira petulo wa mtovu. Chomaliza chinabwera mu Okutobala 1973, pamene mayiko a Aluya analeka kugulitsa mafuta ku America chifukwa cha nkhondo ya Israel. Anthu anayamba kufola m'malo omwetsera mafuta. Inu za mizere ya mafuta simukufunika kukufotokozerani. Makolo anu anagona pa mzere mu 2011 ndi 2012, inunso mwaona ndi maso anu zaka zapitazi. Munthu amene wakhala pa mzere usiku wonse safunanso galimoto ya malita 7. Mustang ya 1974 inatuluka ili kagalimoto kakang'ono, ku America komweko kopanda ndi V8 yomwe.

Mwina mukuti zonsezi ndi za kutsidya kwa nyanja. Sizili kutali choncho. Agogo athu ambiri a muno m'Chiradzulu anapita kumigodi ya ku Joni kudzera ku Wenela, kenako ku Theba. Dzina la depoti ya mabasi ya Wenela ku Blantyre ija linachokera ku bungwe lolemba anthu ntchito za kumigodilo. Ku South Africa m'zaka zimenezo galimoto za mtundu wa ku America zinali mbwee. Chrysler Valiant ankaimanga konko, ndipo m'makomboni a anthu akuda inali takisi yodziwika, ankaitcha Valaza. Munthu wina wa ku Johannesburg, Basil Green, ankatenga Ford Capri n'kuikamo V8 ya malita 5, n'kuitcha Perana. Mu 1973 a General Motors ku Port Elizabeth anapanga Chevrolet Firenza Can-Am, kagalimoto kakang'ono kokhala ndi V8 ya Camaro, ndipo anapanga 100 zokha. Mu 1984 a Ford anachitanso chimodzimodzi ndi Sierra XR8. Ndiye Africa inali nazo zadzitho zakezake, za chiwongolero cha kumanja ngati zathuzi. Agogo athuwo ankangoziona ndi maso zikudutsa. Malipiro a mumgodi ankakwanira njinga, wailesi, bulangete ndi sutikesi, basi. Mukapita kumudzi kawafunseni amene adakali moyo ngati akuikumbukira Valiant. Mudzachedwa kubwerako.

Kuno kwathu zakale zathu zinali zina: Peugeot 404 ndi 504, Datsun, Land Rover, malole a Bedford. Sizinali zadzitho, koma kamangidwe kake kanali kamodzimodzi: kabuleta, mawaya ochepa, chitsulo chambiri. Ndibwereranso kumeneko.

Tsopano za inu a gulu la Hellcat. Patapita zaka zambiri, anyamata a m'ma 1960 aja anakalamba, ali ndi ndalama, akulakalaka unyamata wawo. Makampani anaona msika. Challenger inabwerera mu 2008 ili ndi nkhope yofanana ndi yakale. Mu 2015 kunabwera Hellcat: malita 6.2, ndi chipangizo chopopera mpweya mokakamiza mu injini chimene amati supercharger, akavalo 707. Inkabwera ndi makiyi awiri. Wakuda amakupatsa akavalo 500 okha, wofiira ndi amene amamasula onse. Ndiye kuti ngakhale opangawo anadziwa kuti mwana akabwereka galimoto azipatsidwa wakuda. Mu 2023 anatulutsa Demon 170 ya akavalo 1,025, imene inathamanga mamita 402 aja m'masekondi 8.91. Zakale zija zinkatenga masekondi 13 kapena 14.

Pali kanthu kena kosangalatsa pamenepa. Demon 170 imatulutsa mphamvu zonsezo ikamwa mafuta otchedwa E85, amene gawo lalikulu ndi ethanol. Ethanol ameneyo ife timapanga konkuno kuchokera ku zotsalira za nzimbe. Fakitale ya ku Dwangwa inayamba mu 1982, ya PressCane ku Chikwawa inabwera pambuyo pake, ndipo petulo amene timagula amasakanizamo ethanol. Ndiye chilombo cha ku America chija chakumwa chake ndi m'bale wake wa kachasu. Koma ethanol yemweyo sagwirizana ndi galimoto zakalekale: amaumitsa ndi kudya timalabala ta mu kabuleta ndi mapaipi a mafuta.

Ndiweruze tsopano? Amene muli ndi mtima wofooka gwirani mpando.

Pa liwiro, yatsopano yawina, ndipo sikuti ndi pang'ono. Ndiwonjezere chinthu chimene ambiri okonda zakale sachidziwa. Chisanafike chaka cha 1972, ku America ankayeza akavalo injini ili pa benchi, itavulidwa zonse zimene zimaidya mphamvu, monga sefa ya mpweya, fani ndi ekizosi yake yeniyeni. Kuyambira 1972 anayamba kuyeza itavala zonse monga imakhalira m'galimoto. Hemi ija ankailemba 425, koma pa muyeso watsopano inali 350. Ndi ngati kuyeza chimanga pamodzi ndi zitsononkho, wina n'kuyeza chotongola. Mukamayerekeza manambala a 1970 ndi a lero, muzikumbukira zimenezo.

Pa kuima ndi kukhota, yatsopano yawinanso. GTO ya 1964 inali ndi mabuleki a dilamu miyendo yonse inayi, mtundu womwe uja uli kumbuyo kwa njinga yamoto ya kabaza. Mabuleki amenewo akatentha amafooka. Taganizani mukutsika nayo phiri la Zomba.

Pa ngozi ndi pamene ndikufuna mumvetsetse, chifukwa bodza limeneli ndimalimva tsiku ndi tsiku, ngakhale kwa akuluakulu anzanga. Amati galimoto zakale zinali chitsulo chenicheni, zamasiku ano ndi mapepala, kungogunda mbuzi yafwanyika. Mu 2009 bungwe la makampani a inshuwalansi ku America lotchedwa IIHS linatenga Chevrolet Bel Air ya 1959 ndi Chevrolet Malibu ya 2009, n'kuziwombanitsa maso ndi maso, iliyonse ikuthamanga makilomita 64 pa ola. M'katimo anaikamo zidole zoyezera. Kanema wake ali pa YouTube, amene muli ndi bandulo kamuoneni, ndi wamfupi. Bel Air si yadzitho kwenikweni, koma kamangidwe kake ndi ka nthawi yomweyo. Yakale ija inapindika mpaka mkati, chiwongolero chinabwerera kudzamenya chidole kumutu, malo okhala dalaivala anatha. Yatsopano inafwanyika mphuno, koma chipinda cha anthu chinatsala chilili.

Chifukwa chake n'chiyani? Galimoto yamakono anaipanga dala kuti kutsogolo kuzifwanyika, kuti mphamvu ya kugundako ithere mu zitsulozo isanafike pa munthu. Amayi anu akamapita ndi mazira ku msika wa Namadzi amawaika mu chiyani? Mu gaga kapena mu udzu. Tayesani kuika dzira lokha mu chitini cholimba, muchigwetse. Chitini chidzatsala bwinobwino, dzira ayi. M'galimoto yakale dzira ndi inuyo. Onjezanipo kuti zambiri zinali ndi lamba wa m'chiuno yekha, matumba a mpweya kunalibe. Lamba wodutsa paphewa ndi m'chiuno amene timamanga lero anayamba ndi Volvo mu 1959, ndipo anatenga nthawi kuti afalikire. Inu amene mumakhala kutsogolo mu Sienta, awiri pa mpando wa munthu mmodzi, lamba ali kumsana, mwaibweza galimotoyo ku 1959 ndi manja anu.

Za mafuta sindichedwapo. Zadzitho zakalezo zinkayenda makilomita anayi kapena asanu pa lita. Kuchoka ku Limbe kupita ku Zomba ndi makilomita pafupifupi 60, kupita ndi kubwera 120. Amenewo ndi malita ngati 30. Mu Novembala 2023, kwacha itagwa ndi 44 peresenti, petulo anafika K2,530 pa lita. Werengani nokha: K75,900 ulendo umodzi, pa mtengo wa nthawi imeneyo. Komanso chiwongolero chake chili kumanzere, pomwe ife timayenda kumanzere kwa msewu. Ukafuna kupitirira lole ya miyala pa Njuli uyenera kufunsa wokhala naye kuti, "Achimwene, kukubwera kanthu?" Hellcat nayonso isanyade. Ndi yolemera pafupifupi matani awiri, mimba ili pafupi ndi nthaka. Ikangochoka pa tala nyengo ya dzinja, akavalo 707 aja adzafuna ng'ombe ziwiri zowakoka.

A gulu la Charger ndikuona nkhope zagwa. Dikirani, mlandu sunathe.

Kukongola ndikupatsani. Kulira kwa V8 yakale, kuja imachita ngati ikutsokomola ikaima kenako n'kubangula, ndikupatsaninso. N'chifukwa chake anthu olemera amaziphera ndalama. Mustang ya 1968 imene Steve McQueen anayendetsa mu kanema wa Bullitt inagulitsidwa mu 2020 pa madola oposa 3 miliyoni. Galimoto imene inapangidwira mnyamata wa pa fakitale, lero imakhala m'nyumba ya mpondamatiki, yofunditsidwa nsalu, osayenda. Zimandimvetsa chisoni pang'ono zimenezo.

Koma chachikulu chimene yakale imaposa nacho yatsopano si kukongola kapena kulira. N'chakuti mwini wake ankaimvetsa. Ukatsegula boneti umaona chilichonse, malo otambasulira mkono alipo. Uyu ndi kabuleta, amasakaniza petulo ndi mpweya. Iyi ndi disitibyuta, imagawa moto ku mapulagi. Ili ndi lamba wa fani. Mnyamata wa ku Detroit ankaimasula Loweruka pakhomo pa makolo ake, n'kuimanganso Lamulungu. Ndi mmenenso zinalili ndi Peugeot 504 ndi Datsun kuno. Ikafa pa msewu wa ku Namitambo, dalaivala amatsika ndi sipanala, pulayala ndi kawaya. Mpata wa mapointi ankauyeza ndi kakatoni ka bokosi la machesi, taimingi ankaitchera ndi khutu. Pakatha ola limodzi matola apitirira. N'chifukwa chake 504 anapitiriza kuimanga ku Kenya ndi ku Nigeria mpaka m'zaka za m'ma 2000, ku France atasiya kalekale, ndipo ka pikapu ka Nissan 1400 anakapanga ku South Africa mpaka 2008. Anthu sankazikonda chifukwa cha liwiro. Ankazikonda chifukwa zikadwala sizinkabisa matenda.

Tsegulani boneti ya Hellcat, kapena ya Sienta imene, muona chivundikiro cha pulasitiki ndi mitolo ya mawaya. Kabuleta mulibe. Muli kompyuta imene imamva kuchokera ku masensa kuti mpweya walowa wochuluka bwanji, injini yatentha bwanji, utsi ukutuluka wotani, ndiye n'kulamula mainjekita kuti apopere petulo wokwanira ndendende. N'chifukwa chake imalira kamodzi m'mawa wa Juni, imamwa pang'ono, ndipo imayenda mtunda wautali osaitsegula. Koma ikadwala siyankhula ndi khutu lako. Imayankhula ndi makina. Ngakhale ku America komweko nkhaniyi inavuta, mpaka mu 2012 anthu a m'chigawo cha Massachusetts anachita kuvota kuti makampani azipereka chinsinsi cha makompyuta a galimoto kwa amakaniko wamba.

Apa ndi pamene nkhani yafika pakhomo pathu. Zaka zapitazi dziko ladzaza ndi ma ex-Japan. Mukukumbukira kuti mpaka timu ya Wanderers inatchedwapo Be Forward, dzina la kampani yogulitsa galimoto zimenezi. Zimatsikira pa doko la Dar es Salaam, n'kulowa pa Songwe: Sienta, Passo, Vitz, Probox, Note, Mira. Zonsezi ndi za kompyuta. Koma amakaniko ambiri tinaphunzira pa kabuleta. Ndiye ena m'malo mophunzira zatsopano amangoti, "Aaa, galimoto zamasiku ano n'zachabechabe," kwinaku akuzikonza mongolota.

Mumaziona nokha. Nyale ya check engine ikayaka, wina amaimata tepi yakuda, kapena kuchotsa babu, n'kumuuza mwini kuti yatheka. Injini ikatentha amachotsa thermostat n'kutaya, osadziwa kuti kompyuta iziganiza kuti injini idakali yozizira ndipo izipopera petulo wambiri tsiku lonse. Giyabokosi ya Sienta zambiri ndi ya mtundu wa CVT, imafuna oyilo wakewake, koma wina amathiramo oyilo wa otomatiki wamba chifukwa ndi amene ali pafupi. Miyezi ingapo giyabokosi yapita. Ena amagumula chosefera utsi cha mu ekizosi n'kukagulitsa, poti muli tizitsulo todula monga platinum, mwini galimoto osadziwa. Amene amalira ndi mwini wake, amene mwina anagulitsa munda kapena kutenga ngongole kuti agule takisiyo.

Chaka chatha bambo wina anabwera ndi Sienta ikunjenjemera, ikukoka mofooka. Anali atadutsa m'magalaja awiri. Kwina anamugulitsa pampu ya mafuta, kwina anamusinthira mapulagi onse ndi kutsuka mainjekita. Ndalama zinapita, masabata atatu osagwira ntchito, ana atabwezedwa fizi. Pansi pa chiwongolero pali kabowo ka mapini 16, kamene ku America kanakhala kalamulo kuyambira 1996, amati OBD. Tinalumikizapo makina, inatulutsa nambala P0302. Nambala imeneyo imati silinda yachiwiri sikuyaka bwino. Sinena chifukwa chake, imangoloza nyumba imene muli maliro. Tinatenga koyilo ya silinda yachiwiri n'kuisinthanitsa ndi ya yachitatu, kufufuta nambala, kulizanso. Inabwera P0303. Matenda asamuka pamodzi ndi koyilo, ndiye wolakwa wapezeka. Koyilo imodzi, ntchito ya mphindi 20.

Koma tamverani mbali inayo, inu a Hellcat musanayambe kuvina. Kwabweranso mtundu wina wa amakaniko, anyamata a laputopu, amene sadziwa kuti pisitoni imayenda bwanji. Makina akalemba dzina la sensa, iwo amathamangira kukagula sensa. Chonsecho mwina khoswe wadya waya, kapena kapaipi ka mpweya kang'ambika, sensayo ikungonena zoona zimene ikuona. Amenewanso amalota, kungoti amalota ndi chipangizo chodula. Injini ya petulo, kaya ndi ya 1970 kaya ndi ya chaka chino, imafuna zinthu zomwezo: mafuta, mpweya, moto pa nthawi yake, ndi kupanikiza kokwanira mu silinda. Amene sanazigwire ndi manja zinthu zinayi zimenezi, nambala ya pa sikirini siingamuthandize.

Ndiye mukaphunzira kuti, poti Charger kuno kulibe? Ilipo, ili pa siteji. Njinga zamoto za kabaza zambiri zili ndi kabuleta, silinda imodzi, pulagi imodzi. Ndi V8 yakale yomwe ija mutaidula pa 8 n'kutengapo chidutswa chimodzi. Jenereta ya pa vidiyo sho ndi chimodzimodzi, pampu ya petulo yothirira kudimba chimodzimodzi. Amene wamasula ndi kumanganso injini ya njinga yamoto mpaka kulira, wamvetsa theka la Hemi. Kenako aphunzire magetsi: kugwiritsa ntchito multimeter, kuwerenga mapu a mawaya, kudziwa kuti sensa iliyonse imanena chiyani. Apa ndi pamene Fizikisi ndi Chingerezi zimene mumathawa kusukulu zimabwerera kudzakugwirani pakhosi, chifukwa mabuku ake ndi manambala aja sanawalembe m'Chichewa. Pali tizipangizo totchipa totchedwa ELM327 timene timalumikizana ndi foni, n'tabwino poyambira, ngakhale ma ex-Japan ena akale satiyankha. Amene mukufuna pepala, ku Nasawa Technical College pafupi pompa amaphunzitsa umakaniko, ndipo a TEVETA amalengeza akamalemba ophunzira. Muzitchera khutu, osamangomva atatseka kale.

Atsikana, ndakuonani mukuyang'ana mafoni ngati nkhaniyi ndi ya anyamata. Kale ankati umakaniko umafuna madzitho onyamulira giyabokosi. Ntchito ya magetsi a galimoto imafuna kudekha, maso ndi mutu. Amene amalondola waya mmodzi kuyambira ku batire mpaka ku sensa osapsa mtima ndi amene amapeza vuto. Anyamata anga ambiri pa galaja amalephera pomwepo, amafuna nyundo.

Okonda galimoto ku America ena anatopa nawo mkanganowu, anayamba kukwatitsa ziwirizi. Amatenga thupi la Charger yakale n'kuikamo injini, mabuleki ndi kompyuta zamakono. A Dodge amagulitsa injini ya Hellcat payokha, ili m'bokosi, kuti munthu akaike m'galimoto imene akufuna. Abale athu amene ali ku Joni akuuzani kuti kumeneko amachita zofanana: amatenga V8 ya Lexus yakale ya malita 4 n'kuika mu pikapu kapena mu minibasi ya Hiace. Ntchito yotero singatheke ndi munthu wa mbali imodzi. Pamafunika wodziwa kuwotcherera ndi kukhazika injini, yemweyonso adziwe kulumikiza kompyuta kuti ilire. Ndipo amene amatha zimenezo salipidwa ndalama ya sopo.

Ndisanakhale pansi, pali nkhani imene mwina magulu onse awiri simunaimve. Challenger, pamodzi ndi Hellcat yake, anasiya kuipanga mu Disembala 2023. Camaro nayonso inatha mwezi womwewo. Mwa zitatu zija, pofika 2024 inatsala ndi V8 ndi Mustang yokha. Charger yatsopano imene a Dodge anatulutsa mu 2024 inayamba ndi ya magetsi, ya batire, yopanda pisitoni ngakhale imodzi. Poopa kuti anthu adandaula kuti ili zii, anaika zokuzira mawu kumbuyo kuti izibangula ngati V8. Ndiye Hellcat imene mukuti ndi yamakono ija nayonso yalowa m'gulu la agogo, ndipo okonda zakale ndi okonda zatsopano ku America tsopano akudandaulira limodzi.

Musaseke kwambiri, chifukwa zimenezi zafika kale pa msewu wathu. Toyota Aqua, Prius ndi Honda Fit zina ndi za haibulidi, zili ndi injini ya petulo komanso mota ya magetsi. Batire yake yaikulu si ya mavoti 12 ngati imene mumatchajira mafoni. Ya Aqua ndi mavoti oposa 100, ya Prius pafupifupi 200. Mukatsegula boneti n'kuona mawaya onenepa a mtundu wa olenji, manja m'thumba. Amenewo amapha. Sagwiridwa ndi munthu amene sanaphunzire kuzimitsa batireyo, ngakhale galimoto itazima, ngakhale mwini wake akukukakamizani kuti mungoona pang'ono.

A wapampando, ndapempha kuti Loweruka la mawa lino tisakumane m'kalasi muno. Tikumane panja pansi pa mtengo wa mango uja, 8 koloko m'mawa. Mnyamata wina wa kabaza wavomera kubweretsa njinga yake, timasula kabuleta tonse n'kuimanganso. Ndibweranso ndi Sienta ndi makina aja, ndidzazula sensa imodzi mwadala inu musakuona, ndiye gulu la Charger lidzaifuna ndi khutu, gulu la Hellcat ndi makina, tione amene ayambe. Bwerani ndi kope, cholembera ndi zovala zoti zikada amayi sakakukalipirani. Sipanala yoyamba adzagwira ndi atsikana.

Mafunso alipo? Iwe wa jezi yofiira, dzanja lako lakwera kalekale, yamba.